Amalume a Laisoni ndi mphika wa kalongonda

Pa maliro a amalume anga a Laisoni, chaka chatha nyengo ngati yomwe ino, anthu ambiri sankayang'ana bokosi. Maso awo anali pa mlongo wanga Edisoni. Ndinawaona ndekha azimayi a kumpingo akutsinana m'nthiti, nyimbo ili pakamwa koma khosi litapotokera kumene iye anaima. Funso lawo ndinkalidziwa, poti linali langanso: amene ankamugwira dzanja uja wagona, kodi mnyamatayu sabwerera ku utsi wake wa ku Joni? Ndipo tonse tinkadziwa kuti akabwerera asiyanso kumwa ma ARV, ndiye kuti makasu okumbira manda tisawaike patali.

Koma ndiyambe ndi eni maliro, chifukwa amene akuwatchula masiku ano ayamba kuwasandutsa mngelo. Sanali mngelo ayi. Anali munthu wamfupi, wouma mutu, wolongolola, wovala magambutsi ngakhale ku ukwati. Mphamvu zawo zonse anazithera pa esiteti, kudulira tiyi ndi chimpeni chokhota. Anzawo ankathamanga kuti amalize ndime dzuwa lisanafike pamutu, iwo ankayenda ngati akuopa kuponda nyerere. Akapitawo anakalipa mpaka mawu kusasa, kenako anangowasiya. Ukawafunsa chimene ankachedwera, ankakuyankha kuti sanaonepo tiyi atathawa m'munda.

Pa msika wa Khonjeni anthu ena ankawazemba. Akakumana ndi munthu amene ankamudziwa bwino kuti agogo ake anachokera ku Mozambiki, koma iye akudziyesa wa m'tauni, ankamukuwira moni wa Chilomwe pakati pa anthu, “Moseliwa!”, n'kuima pomwepo kudikira yankho. Kaya wavala tayi, kaya ali ndi chibwenzi pambali, sankachoka mpaka munthuyo atayankha m'chinenero cha agogo ake. Ine anandichititsa manyazi chotero kangapo pakhomo pa shopu yanga yosokera, makasitomala akuseka.

Za kachilombo ka HIV sanabisepo. Akazi awo anamwalira mankhwala asanafike kuno, zaka zija pamene m'nyumba za antchito pa esiteti simunkatha sabata osamveka chiliro. Mankhwala atafika, iwo anali m'gulu la oyamba kulandira, ataonda kutsala maso okha. Atadzuka, anayamba khalidwe limene ambiri linkawanyansa. Ankapita pa sikelo, pamene otchola tiyi amandanda ndi madengu awo kuti ayezetse masamba, n'kutulutsa botolo la mankhwala, kulikhutchumula kuti lilire ngati chisekese, n'kumeza aliyense akuona. Mkulu wina wa mpingo anawaitanira pambali kuti asiye kunyadira zochititsa manyazi. Amalume anamuuza kuti manyaziwo sanawaonepo atasenza bokosi kapena kugwira khasu kumanda, amangobwera kudzadya nawo pa maliro. Anthu awiriwo anakhala zaka osapatsana moni, koma pa sikelo paja panayamba kuoneka mabotolo ena.

Chinthu china chimene ankadziwika nacho ndi kalongonda. Amene simunakulire kuno mwina simumudziwa. Ndi nyemba zikuluzikulu za ife Alomwe, zimene anzathu a mitundu ina amatiseka nazo mpaka lero. Kalongonda ukamuphika mothamanga, amazunguza mutu, amasanzitsa, munthu n'kumaona zinthu zoti kulibe, ndipo ena amapita nazo. Amafuna kumuwiritsa tsiku lathunthu, madzi akada bii n'kutaya, kuthira ena, kumusenda, kuwiritsanso, kutayanso. Ndi ntchito imene ambiri amaisiyira azimayi okalamba. Amalume, chimwalirireni akazi awo, ankadziphikira okha kuseri kwa nyumba, ndipo ankanyoza wa wina aliyense. Ankati kalongonda sapha munthu, chimapha ndi kuchoka pa mphika.

M'zaka zawo zomaliza, adokotala a ku chipatala cha ku Makwasa ankadziwa kale kuti a Laisoni akabwera kudzalandira mankhwala, sachoka asanafunse funso lawo. Ankasuzumira pakhomo, chipewa chili m'manja.

“Adokotala, za bowa zija zafika pati?”

“Akadafufuzabe, agogo.”

“Akuchedwatu anzanuwo. Koma asathamange.”

Odwala a pa benchi ankayesa kuti nkhalambayo yayamba kusokonekera. Funso limeneli linali ndi pochokera pake, ndipo pochokera pakepo ndi Edisoni.

Edisoni ndi womaliza m'mimba mwa amayi. Anapita ku Joni ali mnyamata wonenepa masaya, woimba kwaya. Kumeneko ankagwira ntchito ziwiri, ina yophika buledi, ina yotsuka magalimoto, ndipo anzake anamuonetsa timiyala toyera ngati mchere timene amati tiki. Amatiika m'galasi la babu, kuwotcha pansi, n'kukoka utsi wake. Munthu tulo timathawa, njala imathawa, amadziona ngati angathe kusenza nyumba. Ndi komwekonso anamupeza ndi kachilombo. Atabwera, amayi sanamuzindikire msanga. Masaya aja anali atalowa, mano atayamba kuthetheka, maso osakhazikika. Ankatha masiku osagona, akumasula wailesi ya amayi n'kuimanganso, kenako n'kugona ngati wakufa. Ma ARV ankawaiwala, mwina ankawataya, sindidziwa. Tikiyo ankamupeza kwa mnzake wina amene anabwerera naye limodzi, wokhala cha ku Luchenza, woyenda pa njinga yamoto.

Anagulitsa nkhuku, anagulitsa makasu. Tsiku lina ndinatsegula shopu n'kupeza makina anga osokera atatsala miyendo yokha, mutu kulibe. Pamenepo ndinati basi, apolisi amutenge, akaphunzire kumeneko. Amayi anali ndi maganizo awo. Anali atamva za mneneri wina wa kuphiri amene ankamanga anthu otere ndi zingwe n'kuwapempherera, koma ankayamba wawauza kuti ataye mankhwala onse a kuchipatala. Tinakangana pabwalo mpaka anansi kutuluka. Kwathu kuno mwana ndi wa amalume ake, choncho nkhani inathera kwa a Laisoni, eni mbumba.

“Achemwali,” anatero kwa amayi, “wanu mneneriyo akafuna kutayitsa mankhwala ayambe wadzatayitsa anga. Ndili pompano.”

Kenako anatembenukira kwa ine.

“Iwe Lute, ku ndende akakupatsa mutu wa makina?”

“Nanga ndizisoka ndi mano, amalume?”

“Soka ndi mano. Mwanayu akagona kwathu.”

Ndinachoka nditatupa, ndipo ndinakhala nthawi osawalonjera. Kunena zoona, nawonso analibe nzeru ina iliyonse. Anayamba ndi chimene ankachidziwa, kulongolola. Ankamulalikira kuyambira m'mawa, za agogo athu amene anayenda wapansi kuchokera ku Mozambiki, za akazi awo, za manda. Edisoni ankangoti inde amalume, inde amalume, njinga yamoto ikalira kumsewu n'kuzimiririka. Anayamba kutsokomola, zilonda zinatuluka m'kamwa. Aliyense amene anakhalapo zaka zoipa zija ankadziwa kumene msewu umenewo umathera.

Zinasintha nthawi ya mvula, nyengo ya bowa. Esiteti ili ndi nkhalango ya bulugamu ya nkhuni za ku fakitale, ndipo mwana aliyense kuno amakula akuuzidwa kuti bowa womera pansi pa bulugamu sadya. Amalume pochokera kumunda masana ena anapeza Edisoni kuseri kwa nyumba atasonkha moto, chitini chili pa mafuwa, jumbo ya bowa wa m'bulugamu ili pambali. Anali asanalawe.

Edisoni anali ataona pa foni kuti kunja madokotala akuyesa kuchiza anthu a vuto ngati lake ndi mankhwala ochokera ku bowa wina woonetsa zinthu. Ndiye iye anawerengera yekha: kuno bowa wozunguza mutu ndi uti? Ndi uja amatiletsa. Safunsa anadya phula, koma uyu akanadya choposa phula.

Amalume anandiuza pambuyo pake kuti dzanja linali litakwera kale kuti amumenye khofi. Chinawaletsa ndi mawu a mnyamatayo.

“Amalume, ndatopa. Ndikufuna kusiya koma thupi likukana. Ngati bowayu achiza, achize. Ngati apha, aphe. Zonse ndi bwino.”

Miyezi yonse ija ankaganiza kuti akulimbana ndi mwana wosafuna kumva. Tsiku limenelo anaona kuti mwanayo ankafuna kuchira kuposa mmene ife tonse tinkamufunira, mpaka kulolera kudya chiphe. Anaphula chitini chija, kuchikulunga m'nsanza, n'kubwera pa shopu panga pamene ndinali kusoka mabatani ndi singano ya m'manja.

“Tseka. Tikupita ku Makwasa. Iwe ndi amene umamva Chingelezi cha adokotala.”

Munthu amene moyo wake wonse ankati kabaza ndi wa anthu opanda miyendo, tsiku limenelo anakwera kabaza, chitini cha bowa chili pamiyendo, ine ndi Edisoni tikutsatira pambuyo.

Adokotala anali mayi wachitsikana, wodekha. Amalume anaika chitini pa tebulo lawo, pamwamba pa mapepala, n'kuvundukula. Ine ndinafuna kulowa pansi. Mayiwo anasuzumira, anamva nkhani yonse, ndipo sanaseke. Anati bowa ameneyo akanaononga chiwindi cha Edisoni, ndipo sagwirizana n'komwe ndi zimene anaona pa foni. Koma anati nkhani ya kafukufukuyo ndi yoona. Kumayiko akutali kuli madokotala amene akuyesa ngati mankhwala ochokera ku mtundu wina wa bowa angathandize anthu kusiya zinthu ngati tiki, makamaka amene ali ndi kachilombo, poti utsi umenewo ndi umene umawasiyitsa ma ARV. Anati sizinadziwikebe ngati zimathandizadi, ndipo n'chifukwa chake amati kafukufuku. Kuno kulibe, ndipo si za kutola kutchire. Mankhwalawo amawayeza mlingo, munthu amayamba wapimidwa, ndipo ena amawabweza chifukwa akhoza kuwavulaza.

Ine ndinaona ngati nkhani yatha, ndinayamba kumanga chitenje. Amalume anakoka mpando kuyandikira.

“Ndiye akamwa amapita kwawo?”

“Ayi, agogo. Amakhala m'chipinda. Mutu umayenda kwambiri, ena amalira, ena amachita mantha. Ndiye pamakhala alangizi okhala naye pambali.”

“Mpaka liti?”

“Mpaka zitatha. Pafupifupi tsiku lonse.”

“Osachokapo?”

“Osachokapo.”

“Amamulalikira?”

Adokotala anamwetulira. “Ayi. Nthawi zambiri amangokhala chete. Amakhala atacheza naye masiku a m'mbuyo kuti awazolowere. Zikatha, amadzakhalanso pansi n'kumufunsa zimene waona, iye n'kumafotokoza.”

Amalume anayang'ana chitini chawo. Kenako anamenya bondo.

“Ameneyo ndi kalongonda! Adokotala, azungu anuwo atulukira kalongonda!”

Mayiwo anali a ku chigawo chapakati, sanamve. Ndinachita kuwamasulira, osati Chingelezi koma za mphika. Anaseka mpaka kupukuta misozi, koma anachenjeza kuti asayerekeze kumudyetsa mnyamatayo kalongonda wosapsa. Amalume anakhumudwa kuti munthu angawaganizire zotero. Anati iwo sakunena za nyembazo, akunena za wokhala pa mphika.

Tsiku lomwelo Edisoni anamupima, anamuyambitsanso ma ARV, anamupatsa mankhwala a chifuwa, n'kumulumikiza kwa mlangizi woti azikacheza naye kuchipatalako. Anatiuza mosabisa kuti masabata oyamba adzakhala oipa: tulo tosatha, chisoni chopanda chifukwa, ukali, ndi chibaba choti munthu akhoza kugulitsa mayi ake. Pobwerera tinayenda wapansi. Amalume anangonena kamodzi kokha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Bowa wa azungu tilibe, koma munthu woti akhale pambali tili naye.

M'mawa mwake anakumba mafuwa atsopano pakati pa nthochi kuseri kwa nyumba. Anagubuduza chipika cha mpeyala kuti azikhalapo iwo, Edisoni anamupatsa chigubu chakale. Anatulutsa mphika waukulu umene akazi awo ankaphikira thobwa. Lamulo linali limodzi: chibaba chikabwera, usalimbane nacho wekha, unene, tisonkhe moto. Poyamba ankasonkha pafupifupi tsiku lililonse. Kalongonda wa m'nkhokwe mwawo atatha, anayamba kupemphetsa m'midzi, ndipo ife a pabanja tinadya kalongonda mpaka kumulota.

Ntchito yonse inali ya Edisoni: kuwaza nkhuni, kusonkhezera, kuyang'ana madzi, akada kuphula n'kukataya kudzenje kutali ndi nkhuku, kutunga ena, kusenda nyemba imodziimodzi zala zikupsa. Manja aja amene ankamasula wailesi anapeza chogwira. Amalume ntchito yawo inali kukhala. M'mawa ankatulutsa mabotolo awiri, lawo ndi la mphwawo, kuwakhutchumula, onse n'kumeza. Kenako ankakhala pa chipika chawo, osayankhula.

Amene munawadziwa a Laisoni mumvetsa kuti chozizwitsa chenicheni chinali chimenechi. Munthu amene ankatha kukangana ndi mbuzi, anatseka pakamwa. Ndinkadutsa dala kuti ndione ngati n'zoona. Ndinkawapeza milomo ikunjenjemera, mwambi utafika pa lilime, iwo n'kuumeza. Edisoni ankatukwana, ankaponya zikuni, tsiku lina anagubuduka m'dothi akulira kuti amusiye afe. Amalume ankangosendeza chipika pafupi, n'kuika dzanja pa msana pake. Dzuwa likapendeka, mphika utaphulidwa, m'pamene ankafunsa funso limodzi lomwe anatenga kwa adokotala lija: “Lero waona chiyani?”

Masiku oyamba yankho linali lakuti palibe. Kenako zinayamba kutuluka. Zambiri sindizidziwa, ndipo amalume anapita nazo kumanda. Ndinangomva pang'ono za mnzake wina wa ku Mulanje amene anafera m'manja mwake ku Joni, ndi za tsiku limene a chipatala anamuuza za magazi ake, n'kusowa ndi mmodzi yemwe womuuza. Ife tinkangolandira katundu amene ankatumiza, osafunsa kuti akugona maola angati.

Musaganize kuti zinayenda myaa. Patapita miyezi, tikuti wachira, anasowa. Anabwera patatha masiku angapo, maso ali psuu, nsapato atagulitsa. Ine ndinalusa. Ndinauza amalume kuti ataya nthawi yawo, nkhuni zawo ndi ukalamba wawo pa munthu wosayamika. Anandiyang'ana ngati ndine amene ndasuta. Anandifunsa ngati ndinaonapo kalongonda wotayidwa madzi kamodzi n'kudyeka. Kenako anauza Edisoni kuti akatunge madzi. Sanamufunse kumene anali. M'mawa mwake anapita naye okha kwa mlangizi uja, kuti akanene yekha zimene zachitika.

Tsiku limene sindidzaliiwala linafika m'chilimwe, nandolo atauma m'minda. Ndinapita kukatenga mbale ya amayi, ndipo ndili pakati pa nthochi ndinamva njinga yamoto ikuima kumsewu. Mluzu unalira kawiri. Ndinaudziwa, tonse tinkaudziwa. Mnzake wa ku Luchenza uja sanathere kumsewu, analowa mpaka kuseri, magalasi akuda ali kumaso, dzanja lili m'thumba la jekete.

“Madala, muli bwa? Edi, aise, tiye tikaongole miyendo. Ndili ndi kanthu kako.”

Ndinayang'ana amalume kuti adzuke, amuthamangitse, atenge chimpeni chawo chija. Sanasunthe. Anangoyang'ana moto, manja ali pa maondo. Mumtima ndinawatukwana, Mulungu andikhululukire. Edisoni anaimirira, chikuni chili m'manja. Ndinaona mwendo wake umodzi utaloza kale kumsewu. Anaima choncho nthawi yaitali. Mphika unali kubwata, thovu lakuda likusefukira pa mafuwa.

Anayang'ana mphika, anayang'ana mnzakeyo.

“Aise, pita. Madziwa ada, akufunika kutaya.”

“Ndikudikira, taya msanga.”

“Ndikataya ndithira ena. Usadikire. Usadzabwerenso.”

Anawerama, anagwira mphika ndi nsanza, n'kuyamba ulendo wa kudzenje, osacheuka. Mnyamata wa magalasi uja anatsonya, ananena zina zosalembeka, n'kubwerera. Amalume anakhalabe duu mpaka kulira kwa njinga kunazimirira kuseri kwa minda ya tiyi. Pamenepo anadzuka. Anakunga nsalu yawo m'chiuno, anawerama, n'kuyamba kuvina tchopa, gule wa makolo athu, okhaokha, popanda ng'oma, magambutsi akumenya pansi fumbi kuti kobo. Ankazungulira mafuwa akuimba m'Chilomwe ndi mawu awo oipa aja. Ine ndinaponya mbale ya amayi n'kuyamba kululutira. Anansi anathamanga poyesa kuti kwabadwa mwana. Edisoni anabwera ndi mphika wopanda madzi, anatipeza tikuvina, n'kungoti, “Amalume, moto ukuzimatu uwu.”

Zotsatira zake zinabwera pang'onopang'ono, monga mmene eni ake ankayendera. Masaya anabwerera. Chifuwa chinatha. Edisoni anayamba kunyamula kalongonda wake pa njinga kukagulitsa pa sikelo kwa otchola tiyi, ndipo amalume ankauza aliyense kuti ndi wachiwiri kukoma m'boma lonse la Thyolo. Tsiku lina ndinapeza pakhomo pa shopu mutu wa makina, wakale, wopalika utoto, koma wosoka bwino. Ndinadziwa kuti ndi Edisoni, ndinangomusokera malaya. Atakayezetsa magazi n'kumuuza kuti tizilombo tachepa mpaka makina a kuchipatala sakutionanso, amalume anapita pa sikelo ndi mabotolo awiri, limodzi dzanja ili, lina dzanja ilo, n'kuwaliza pamodzi. Mkulu wa mpingo uja anali pomwepo. Anavula chipewa, n'kuwapatsa moni woyamba pa zaka zonse zija.

Ndi chifukwa chake sankaleka kufunsa za bowa. Sankati iwo apambana azungu, ayi. Ankafunitsitsa kuti kafukufukuyo atheke, chifukwa ankati si mnyamata aliyense ali ndi malume wopuma pa ntchito, ndipo mwina mankhwalawo angafupikitse ulendo umene iwo anauyenda ndi nkhuni. Koma ankawauza adokotala kuti anthu amenewo akadzafika kuno, asadzavutike kubwera ndi okhala pambali a kwawo. Adzangonena kuti ku Khonjeni kuli nkhalamba ina yodziwa kukhala.

Sanawadikire. Anagwa m'munda mwawo akupalira chinangwa, mbali imodzi itafa, ndipo anatisiya patangopita masiku ochepa. Akanafuna kuti ndinene ichi momveka, ndiye ndikunena: sichinali kachilombo. Kameneko anakagonjetsa mpaka tsiku lomaliza. Anamwalira ndi matenda a nkhalamba, zimene anzawo ambiri a m'zaka zija sanazilawe.

Sabata yotsatira maliro inali yoopsa. Edisoni sankadya, sankayankhula. Amayi ankangoyang'ana kumsewu. M'mawa wina tinaona utsi ukukwera pakati pa nthochi. Ndinapita monyang'ama. Anali pa chigubu chake, mphika uli pamoto, botolo lake lili pambali. Chipika cha amalume chinali pamalo pake, popanda munthu. Ndinafuna kukhalapo kuti asakhale yekha, koma anandiletsa ndi dzanja.

“Achemwali, musavutike. Ndikudziwa kale zimene akanafunsa.”

Anaphika tsiku lonse. Madzulo anabwera ndi mbale kwa amayi, n'kudya nafe.

Dzana, pokumbukira kuti chaka chakwana, ndinapitanso kuseri kuja. Nthochi zakula, zatseka njira, ndinachita kupinda masamba kuti ndidutse. Mafuwa atatu aja alipo, koma mvula yatsuka phulusa lonse, ndipo pakati pawo pamera bonongwe wofika m'maondo. Chipika cha mpeyala chadyedwa ndi chiswe, ukachigunda ndi phazi chimangofumbutuka. Dzenje lotayamo madzi akuda lakwiririka, nkhuku zikufukula pamenepo. Chigubu palibe. Mphika palibe.

Mphikawo unachoka mwezi wa Epulo. Kunabwera mayi wina wochokera kwa Mphuka, wapansi, atamva mbiri pa sikelo. Mwana wake wabwera kuchokera ku Joni, sagona, wamasula njinga ya bambo ake, ndipo mankhwala ake akuwapeza pansi pa mphasa. Ankafuna a Laisoni. Titamuuza kuti anamwalira, anakhala pansi n'kuyamba kulira. Edisoni anamusiya alire. Atatha, anamufunsa ngati mnyamatayo anapita naye kale kuchipatala, ndiponso ngati kwawoko kuli nkhuni. Anamangirira mphika pa keliyala ya njinga, chigubu pamwamba pake, n'kutsogoza mayiyo.

Ndinaima pa malo opanda kanthuwo nthawi yaitali, ndipo ndinasangalala, ndinasangalala kwambiri. Pakhomo pathu palibenso munthu wofunika kumusonkhera moto. Amayi akuti mvula ikagwa adzalapo mpiru, poti nthaka ya paphulusa imabereka.